Makompyuta Akufa M'makatoni Atsopano

Boma likagula chinthu silifulumira kuchigwiritsa ntchito, limayamba ladikira munthu wa tayi adzadule riboni. Ndi mmene zinakhalira ndi makompyuta atsopano a ofesi ina ya boma pa Chipyela, pachilumba cha Likoma. Anafika pa sitima, anatsitsidwa m'boti, anthu n'kuwasenza pamutu mpaka ku ofesi, kenaka anatsekeredwa m'chipinda cha katundu ngati akaidi. Lamulo linachoka ku Lilongwe lakuti katoni isatsegulidwe mpaka bwana wa ku likulu atabwera. Ogwira ntchito anapitiriza kulimbana ndi zikompyuta zawo zakale zija, zoti ukaiyatsa m'mawa umayamba wapita kukamwa tiyi, pobwera n'kuipeza ikuganizabe.

Mwambo unachitika Lachiwiri, dzuwa likuswa mtengo. Sajeni Evelina anaimikidwa pansi pa mlambe kuti aziyang'anira bata, ntchito imene ankadana nayo kwabasi. Evelina anali mwana wa ku Yofu konkuno, koma upolisi wake anaukhwimitsira ku Blantyre, ndipo anabwerera kwawo ali ndi diso loti likagwira chinthu silichitaya. Amalipenga anavina mpaka fumbi koboo. Bwana wa ku likulu analankhula, nalankhulabe, mpaka ana a sukulu anayamba kusinza. Atadula riboni anaitana Alick, katswiri wa makompyuta pa ofesipo, kuti atsegule katoni yoyamba anthu aone chitukuko ndi maso awo.

Alick anali mnyamata wa ku Dedza, wamtali, wamanyazi, amene anakwatira ku Mbungo. Ndiye amene anavutitsa mabwana zaka ziwiri kuti makinawa agulidwe, ndipo tsikuli anavala malaya atsopano. Anang'amba tepi ya pamwamba, napisa manja, nasolola.

Chimene chinatuluka chinali chikompyuta chachikasu ngati dzino la wosuta fodya, chopindika m'mbali, chopanda ngakhale batani loyatsira.

Anatsegula katoni yachiwiri. Chimodzimodzi. Yachitatu ndi yachinayi, zomwezo. Ng'oma inaleka yokha, wojambula zithunzi n'kutsitsa kamera yake pang'onopang'ono.

Amene anayamba kulankhula anali a Morgan, mkulu woyang'anira katundu wa ofesiyo. A Morgan anali amalume ake enieni a Evelina, mlongo wa amayi ake, munthu wosavula jekete ngakhale kutenthe bwanji, chizolowezi chimene anabwera nacho ku Joni komwe anagwirako ntchito paunyamata.

"Bwana, makatoniwa sanatsegulidwepo chifikireni pachilumba pano," anatero modekha. "Amene anakawalandira ku Mzuzu, n'kukwera nawo sitima yekha, ndi uyu waima apayu."

Maso onse anatembenukira kwa Alick.

*

"Nkhani yadzitha yokha iyi, Sajeni," anatero bwana Dean, mkulu wa polisi pachilumbapo, akudzikupiza ndi chipewa. "Mnyamatayu anagulitsa makinawo ku Mzuzu, natola zinyalala kwa okonza mawailesi n'kulongedza. Loweruka sitima ikamapita ku Nkhata Bay akwera nayo, unyolo m'manja. Akayankhe kukhoti kumeneko."

"Mundilole ndifufuzeko kaye mpaka Loweruka lomwelo, bwana."

"Fufuzani. Koma sitima sidikira munthu."

Evelina anampeza Alick m'chitokosi atakhala pansi, malaya atsopano aja atada kale m'khosi.

"Amayi, ine ku Mzuzu ndinatsegula katoni iliyonse pamaso pa wogulitsa," anatero mwachibwibwi. "Ndinayatsa makina onse, anali bwinobwino. Tinamatanso ndi tepi yofiirira ya m'sitolomo. Musitima ndinagona pamwamba pa makatoniwo, ngakhale kuchimbudzi ndinkapita mothamanga."

"Makiyi a chipinda cha katundu amasunga ndani?"

"Imodzi a Morgan. Ina imakhala pa msomali kuseri kwa chitseko cha mlembi. Aliyense wa mu ofesi amadziwa."

"Ndiye kuti inunso mumadziwa."

"Ndimadziwa, amayi." Anaweramitsa mutu. "Koma ndibe bwanji chinthu chimene ndachilirira zaka ziwiri? Akazi anga ali pafupi kuchira. Abale awo ankanena kale kuti munthu wakumtunda sadalirika. Ndikangokwera sitima ija ndi unyolo, ngakhale khoti lidzandimasule, ku Mbungo sindidzapondakonso. Mwanayo adzakula akumva kuti bambo ake ndi mbala."

Evelina sanamulonjeze kanthu. Koma mumtima anadziwa kuti wakuba weniweni saitana chilumba chonse kuti chidzamuonerere akutsegula umboni wake ndi manja ake.

*

Lachitatu m'mawa anapita ku ofesi kuja. Makatoni anali atabwezedwa m'chipinda cha katundu, zikompyuta zakufa zija zili ndandanda pansi. Anamutsegulira ndi mayi Marian, mlembi wa pa ofesipo, mayi woti ukamufunsa nthawi amakuuza ndi za maliro a dzana.

"Manyazi ake, a Sajeni, manyazi ake. Ine chakudya sichinalowe dzulo. Bwana uja wachoka osatsanzika, ma Fanta onse tinagula aja angotsala. Ndipo ine ndinaluka tsitsi chifukwa cha mwambo womwewu, taonani. Koma Alick, mwana waulemu ngati uja? Kaya, mitima ya anthu."

Akulankhula choncho maso ake anagwera pa chikompyuta chopindika m'mbali chija. Anasiya mawu pakati, nawerama.

"Aa, koma iyi ndi Nkhalamba."

"Ndani?"

"Nkhalamba, kompyuta yanga yoyamba pa ofesi pano. Inkakana kuyaka mpaka uimenye. Apa popindikapa ndi nsapato yanga, ndinkaiponda tsiku ndi tsiku. Inafa chaka chimene ndinabereka mwana wachitatu, tinakaiika ku manda."

Ku manda kumeneko kunali kachipinda ka kuseri kotayako makina akufa. Katundu wa boma satayidwa popanda komiti, ndipo komitiyo inali isanakhalepo pansi chibadwire ofesiyo. Evelina anakasuzumira. Mulu wa zikompyuta unalipo, fumbi lili mbuu, koma pakona pena panali malo oyera pomwe zinthu zinachotsedwa posachedwa.

Ndiye kuti zinyalalazo sizinachoke ku Mzuzu ayi. Zinali za pakhomo pomwepo.

Anabwerera ku makatoni. Tepi ya pamwamba inali yofiirira, monga ananenera Alick, ndipo panalibe poonetsa kuti inasokonezedwapo mwambo usanachitike. Anagadabuza katoni imodzi. Kunsi kunali selotepi yoyera, yomatidwa mwaukhondo, mizere yowongoka bwino. Wakubayo analowera pansi.

Anakokera katoniyo pawindo. Mkati mwa selotepi, kumbali ya zomatira, munali timadontho takuda tosawerengeka. Anamatula pang'ono ndi chikhadabo, nayang'anitsitsa. Timadonthoto tinali ndi mapiko.

"Mayi Marian, nkhungu zagwa kangati chibwerereni makatoniwa?"

"Kamodzi kokha. Lachinayi lapitali, cha m'ma leveni."

*

Wakumtunda akaona nkhungu koyamba amayesa nyanja yapsa. Timakhala tizilombo touluka, tochepa kuposa udzudzu, totuluka m'madzi mwezi ukakhala mumdima, n'kuima m'mwamba ngati utsi. Mphepo ikatikankhira kumtunda, kunja kumada bii. Timalowa m'mphuno, m'makutu, mu tiyi, paliponse. Koma kwa munthu wa pa Likoma imeneyo ndi ndiwo yagwa kumwamba. Amayi amathamanga ndi malichero onyowa n'kumazunguza m'mwamba, kenaka kuumba mikate yokulunga m'masamba a nthochi. Tsiku limenelo sukulu imatha yokha, msika umatsala ndi agalu, ndipo ofesi ya boma, tisanamizane, imatsala ndi mipando.

A Yoswa, mlonda wa masana, anali nkhalamba yoimba kwaya ku tchalitchi chachikulu. Evelina anawapeza pa benchi yawo pakhomo la ofesi.

"Lachinayi lapitali munali pati, agogo?"

"Pantchito, mwana wanga. Pamaso pa Mulungu, pantchito."

"Tsiku lonse?"

A Yoswa anayang'ana kumwamba, nayang'ana pansi, nakanda ndevu.

"Mulungu ndamutchula msanga. Akazi anga miyendo inawavuta, ndiye nkhungu zikagwa amene amagwira lichero ndine. Ndinachokapo pang'ono. Onse anachoka, mayi Marian patsogolo. Ine ndinali wotsiriza, zimenezo zilembedwe."

"Pobwerera munapeza chiyani?"

"Chitseko cha kumbuyo chili pululu. Pansi ponse m'khonde muli bii. Ndinati wina wathamanga osatseka, ndinasesa, n'kutseka."

"Chitseko chimenecho chimatulukira kuti?"

"Kanjira kotsikira ku kadoko ka kuseri. Ndipo chinthu china chinandidabwitsa. Pa kadokopo panali boti la Promise, uja amapita ku tsidya ku Mozambique ndi malonda, injini ikulira. Ndinati mwana uyu wapenga? Ndani amalowa panyanja nkhungu zili m'mwamba? Zimatsamwitsa munthu zimene zija."

"Alick munamuona tsiku limenelo?"

"Ayi. Sanabwere n'komwe kuntchito."

Evelina analemba zimenezo. Munthu wosabwera kuntchito akhoza kukhala paliponse, ngakhale kuseri kwa ofesi.

*

Sanadikire. Anatenga njira ya ku Mbungo wapansi, thukuta lili kamukamu. Cindy, mkazi wa Alick, anali pakhonde, mimba ili kutsogolo, maso atatupa ndi kulira. Anthu a pakhomopo anamulandira Evelina mozizira, koma atangofunsa za Lachinayi, asodzi amene ankasoka ukonde pansi pa mtengo anayamba kuseka.

"Alamu athu aja?" anatero mmodzi, mchimwene wake wa Cindy. "Anapempha tchuthi kuti atithandize kukatenga chinangwa pa bwato. Nkhungu zinatipeza pakati pa madzi. Munthu wamkulu, wa sukulu zake, anagona chafufumimba m'bwato, malaya kumutu, akuitana amayi ake a ku Dedza."

"Anati tikafika kumtunda tiuze Cindy kuti ankamukonda," anawonjezera wina, akupukuta misozi ya phwete.

"Munafika nthawi yanji?"

"Dzuwa litapendeka. Anasanza mpaka madzulo. Mudzi wonse unabwera kudzamuona, funsani aliyense."

Cindy yekha sanaseke. Anagwira dzanja la Evelina.

"Achemwali, atuluka?"

"Konzani madzi osamba Loweruka," anatero Evelina. Sankakonda kulonjeza, koma apa anali ataona pomwe njira ikulowera, ndipo kumeneko sikunkamusangalatsa.

*

Lachinayi m'mawa anagogoda pa ofesi ya a Morgan. Anawapeza atakhala mwaufumu, jekete ili pathupi, patebulo palibe ngakhale kachitsotso.

"Lowa, mwana wanga. Wabwera ngati Sajeni kapena ngati mwana wa mlongo wanga?"

"Ngati Sajeni, amalume. Ndikufunsa aliyense komwe anali Lachinayi lapitali."

"Lachinayi? Lakhudzana bwanji ndi katundu wobedwa ku Mzuzu?"

"Ndi mwambo wa ntchito chabe."

A Morgan anamwetulira, natambasula manja.

"Ndiye wafunsa pofewa. Ndinali ku Yofu, kwa amayi ako. Ndinanyamuka m'mawa kukawaona. Nkhungu zinatipeza tili pakhonde, mlongo wanga n'kundisiya ndekha kuthamangira lichero, ukuwadziwa amayi ako. Jekete yanga inachita kuchapidwa kawiri. Ndinabwerako madzulo."

"Kiyi yanu inali kuti?"

"M'thumba mwanga, monga masiku onse. Ku Joni ndinkasunga makiyi a nyumba yosungiramo katundu yaikulu kuposa msika wa Chipyela, osasowa ngakhale msomali. Usadzivutitse, Eve. Mnyamata uja wakhumudwitsa tonse, koma ndi mmene alili ana a masiku ano."

Evelina anathokoza, natuluka. Amalume ake anali atasankha mboni mochenjera. Ndi mwana uti wa pachilumba angapite kukapanikiza mayi ake omubereka ndi mafunso a polisi?

*

Sanapite ndi mafunso. Anavula yunifolomu, namanga chitenje, nagula shuga pamsika, n'kuyenda wapansi mpaka ku Yofu ngati mwana wopita kukaona kholo. Mayi Edith, amayi ake, anali kuyanika chinangwa chovuula pa thandala.

"Lero kwagwanji kuti boma litikumbukire?" anatero mayiwo akulandira shuga. "Khala pansi. Ndiwo ndiye palibe, usayembekezere zambiri."

"Mwamaliza kale nkhungu za sabata yatha?"

"Nkhungu zake ziti? Usandipsetse mtima, iwe. Ife kuno tinangoona utsi patali. Tinanyowetsa malichero, kuima pamchenga ngati zitsiru, mphepo n'kuzitembenuzira kwa anzathu. Kuno sikunagwe ngakhale imodzi yoti nkhuku itole. Ine, mayi wamkulu ngati ine, ndachita kugula mkate wa nkhungu pamsika ngati mlendo."

Evelina anatola kachidutswa ka chinangwa, nakatembenuza m'manja.

"Akanakutumizirani amalume. Kwawo kunagwa zambiri."

"Morgan? Ameneyo ndiye usamutchule. Chichokereni Pasaka sanapondeko pakhomo pano. Akuti ntchito. Ntchito yanji yoiwalitsa mlongo wako?" Mayi Edith anaima, nayang'ana mwana wawo. "Bwanji nkhope yagwa choncho? Wadwala?"

"Ayi, amayi. Ndatopa ndi njira."

Zinamuwawa. Anali atabera amayi ake umboni m'kamwa, iwo osadziwa kuti akumangitsa mlongo wawo. Anamwa madzi, natsanzika msanga.

*

Evelina anamupeza Promise Lachisanu m'mawa akupopa madzi m'boti lake. Anali mnyamata wa magalasi akuda, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi cha ku tsidya.

"Epa, a Sajeni. Ine ndine wa boti chabe. Munthu akati nyamula, ndimanyamula."

"Lachinayi la sabata yatha unanyamula chiyani pa kadoko ka kuseri kwa ofesi?"

"Matumba a ufa wa kondowole."

"Ufa wa kondowole wochokera mu ofesi ya boma, nkhungu zili m'mwamba. Unapita nawo ku tsidya?"

"Ayi, wogula wake sanafike. Akuti abwera sabata yamawa."

"Ndiye uli kuti ufawo?"

Promise anavula magalasi, napukuta, navalanso.

"Promise, tamvera. Mawa sitima inyamula munthu mmodzi wa unyolo. Ikhoza kunyamula awiri, malo alipo. Ukandionetsa wekha, ndikauza khoti kuti unandionetsa wekha."

Promise anamutsogolera ku kashedi kosungiramo maukonde, kuseri kwa miyala. Pansi pa mulu wa ukonde wakale panali matumba anayi. Ufa wake unali wamakona anayi, wakuda, wonyezimira, mapulasitiki a ku fakitale akadali pomwepo.

"Anakupatsa ndani?"

"Mukuwadziwa kale, a Sajeni. Inu ndi iwo magazi amodzi. Anati tsiku la nkhungu ndi labwino chifukwa aliyense amayang'ana kumwamba."

*

Bwana Dean anamvetsera zonse mpaka kumapeto.

"Ndipite ndine, Sajeni. Ndi amalume anu."

"Ndayamba ndine, bwana. Ndimaliza ndine."

A Morgan anali pomwe paja, jekete yomwe ija. Evelina anatseka chitseko, natulutsa chidutswa cha selotepi chimene anadula kunsi kwa katoni, nachiyala patebulo loyera lija.

"Mukuona chiyani apa, amalume?"

A Morgan anavala magalasi, nayang'ana.

"Selotepi."

"Yang'anitsitsani."

"Selotepi yakuda pang'ono. Ndiye kuti chiyani?"

Sankanama ayi, sankaonadi kanthu. Munthu wobadwira pa Likoma nkhungu saziona. Amazichotsa mu tiyi ndi chala osasiya nkhani, amazisasa pa pilo osaganiza. A Morgan anamata makatoni aja mwaluso lonse la ku Joni, mizere yowongoka, makona oyenera, tizilombo tikugwera pa zomatira ngati mvula, iwo osaona chachilendo. Evelina naye akanapanda kukhala zaka zambiri ku Blantyre, komwe selotepi imakhala yoyera, bwenzi atangodutsa.

"Izi ndi nkhungu, amalume. Zagwa kamodzi kokha chibwerereni makatoni, Lachinayi la sabata yatha. Ndiye kuti makatoni anatsegulidwa kunsi tsiku limenelo, mu ofesi muno, chitseko cha kumbuyo chili chotsegula. Zikompyuta zakufa zija ndi za m'kachipinda ka kuseri, mayi Marian azindikira yawo. Alick tsiku limenelo anali m'bwato ku Mbungo, mudzi wonse ndi mboni."

"Ine ndinali ku Yofu, ndakuuza kale."

"Ku Yofu nkhungu sizinagwe."

A Morgan anaphethira.

"Ndipo amayi akuti chichokereni Pasaka simunapondeko. Makina ndawapeza m'shedi ya Promise. Mwini wakeyo ali ku polisi panopa, akulankhula."

Kunja mayi Marian ankamenya kompyuta yawo kuti iyake. A Morgan anavula magalasi, nawapinda bwinobwino.

"Wakafunsa mlongo wanga za ine."

"Sindinawafunse. Anadandaula okha kuti simukawaona."

"Ndikupuma ntchito chaka chino, Eve. Zaka zonsezi ndasunga katundu wa boma, ndituluka ndi jekete yokhayi. Ndinati adzanena kuti makinawo anabedwa musitima, boma lidzagula ena. Boma silisauka."

"Koma pa mwambo paja munaloza Alick ndi pakamwa panu."

"Bwana uja anandiyang'ana, ndikanatani? Komanso mnyamata uja ndi wakumtunda. Akanavutika pang'ono, n'kubwerera kwawo. Kuno alibe mizu."

"Ali ndi mkazi ku Mbungo, ndi mwana amene abadwe mwezi uno."

A Morgan anayang'ana kuchitseko. Kenaka anatsitsa mawu.

"Ndine amene ndinakunyamula pa ubatizo wako, mwana wanga."

"Ndikudziwa, amalume. N'chifukwa chake ndabwera ndekha, osatuma anyamata. Tiyeni, tiyenda ngati tikucheza."

*

Loweruka m'mawa pa doko panadzaza anthu, ndipo si onse anali ndi ulendo. Nkhani inali itazungulira chilumba chonse. Sitima inaima patali, maboti akupita ndi kubwera, matumba a usipa akuponyedwa, ana akulira.

Alick anatulutsidwa Lachisanu madzulo, koma anabwera pa dokopo ndi Cindy ndi alamu ake aja, amene tsopano ankamugwira paphewa ngati wawo. Atamuona Evelina anafuna kugwada.

"Imirirani, bambo. Lolemba mukalumikize makina aja, mayi Marian nsapato zawathera."

A Morgan anatsika kanjira ali pakati pa Evelina ndi wapolisi wina, Promise akutsatira m'mbuyo. Anthu anapatuka okha. Palibe anatukwana, palibe anaseka, ndipo kwa munthu ngati a Morgan chete ameneyo anali wowawa kuposa mwala.

M'mphepete mwa madzi munaima mayi Edith. Anali atayenda wapansi kuchokera ku Yofu, kachikwama ka bulangete m'manja ndi kambale kokulunga pansalu. Sanayang'ane mlongo wawo. Anabwera kwa mwana wawo, namupatsa katunduyo.

"Umupatse. Kundende kumazizira."

"Amayi..."

"Unabwera ndi shuga pakhomo panga, ine n'kumati mwana wandisowa." Mawu awo sanakwere. "Mwana wa eni wake uja watuluka?"

"Watuluka. Ndi uyo waima ndi mkazi wakeyo."

Mayi Edith anatembenuka, namuyang'ana Alick nthawi yaitali, nayang'ananso mimba ya Cindy. Anagwedeza mutu pang'ono, nakonza mpango wawo.

"Wachita bwino," anatero. "Koma mawa usabwere kunyumba, sindikufuna kukuona. Udzabwere Lamulungu linalo."

Anauyamba ulendo wobwerera ku Yofu boti lisananyamuke. Evelina anavula nsapato, napinda buluku, nagwira amalume ake pamkono kuti asaterereke polowa m'madzi.